Pikapu Ikamanjenjemera Pokoka Ngolo Yodzaza Katundu

Dandaulo lake limakhala lofanana pafupifupi kwa aliyense. Pikapu ikamayenda yokha, palibe vuto. Mukamangirira ngolo yopanda kanthu, imayendabe bwinobwino. Koma mukangopakira katundu n'kufika pa liwiro linalake, mpando umayamba kunjenjemera, galasi loonera kumbuyo limasiya kuonetsa bwino, mwinanso chiwongolero chimagwedeza manja. Kwa makaniko mumapita opanda ngolo, iye n'kuyiyendetsa, n'kukuuzani kuti galimoto ili bwino. Sakunama ayi. Vutoli limadzuka pokhapokha kulemera kukakhalapo, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amagula matayala atsopano, kusintha ma shock absorber, kenako n'kupeza kuti kunjenjemera kuja kudakalipo.

Musagule kanthu kaye. Kunjenjemera kumadziulula kokha ngati mwatchera khutu kuti kukubwera nthawi yanji, mukukumvera pati, ndipo kukugunda mofulumira bwanji.

Koma choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri, chifukwa chimodzi chimakupatsani mpata wofufuza pomwe chinacho chimapha. Ngati ngolo ikudzandira, kumbuyo kwake kukupita kumanzere ndi kumanja mpaka kukankha pikapu yonse, kumeneko si kunjenjemera kumene tikukamba pano. Zikatero musaponde buleki mwamphamvu, musawonjezere liwiro, ndipo musalimbane ndi chiwongolero pofuna kuwongola ngoloyo. Gwirani chiwongolero molunjika, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, ndipo ngati ngolo ili ndi mabuleki amagetsi oti mungawagwiritse ndi dzanja, agwiritseni okhawo. Liwiro likatsika imani pambali, musapitirize ulendo musanasunthe katundu. Kawirikawiri ngolo imadzandira chifukwa katundu wolemera ali kumbuyo kwa ekiselo ndipo khosi la ngolo, mbali yakutsogolo yomangira ku pikapu, lapepuka. Opanga ngolo ambiri amalangiza kuti kulemera kopanikiza mpira wa chokokera, kachitsulo kobulungira kamene ngolo imamangidwapo, kukhale pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo yodzaza. Ngolo ya makilogalamu 1,500 ndiye kuti ipanikize ndi makilogalamu 150 mpaka 225, bola asapitirire malire olembedwa pa chokokera chanu ndi m'buku la galimoto. Malire amenewo ndiwo ali ndi mawu omaliza.

Kumva kumene kukuchokera

Pezani msewu wosalala, wowongoka, wopanda magalimoto ambiri, ndipo mutenge munthu wina woti azilemba zimene mukumva. Kwezani liwiro pang'onopang'ono mpaka kunjenjemera kuyambe, muone pamene kwayambira ndi pamene kwathera. Kenako, liwiro lili lomwelo, tsitsani giya imodzi. Injini ithamanga kwambiri koma matayala azizungulira monga poyamba. Kunjenjemera kukasintha kapena kutha, muziganiza za injini ndi giyabokosi. Kukakhala chimodzimodzi, vuto lili pa zinthu zimene zimazungulira motsatira liwiro la galimoto, zomwe ndi matayala, malimu, ma bearing ndi propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo. Bwererani mu giya imene munalimo ija, kenako chotsani phazi pa mafuta galimoto iziyenda ndi mphamvu yake. Kunjenjemera kumene kumatha mukangosiya mafuta n'kubwerera mukaponda kumaloza ku propshaft ndi zoigwira. Matayala sasamala kuti mwaponda mafuta kapena ayi.

Thupi lanu nalo limathandiza. Zam'chiwongolero zimachokera kutsogolo kwa pikapu. Zam'mpando ndi pansi pa mapazi zimachokera kumbuyo, kwa pikapu kapena kwa ngolo. Ndipo kagundidwe kake kamasiyana. Tayala la pikapu la 265/65R17 limazungulira pafupifupi ka 11 pa sekondi mukamayenda makilomita 100 pa ola, ndipo tayala laling'ono la ngolo la limu ya mainchesi 13 limazungulira ka 14 kapena 15. Kumeneko ndi kugwedeza kumene mumakuona ndi maso, mpando wopanda munthu ukuvinavina. Propshaft imazungulira mwina katatu kapena kanayi kuposa matayala, malinga ndi difu yanu, bokosi la magiya la pa ekiselo yakumbuyo, choncho kunjenjemera kwake n'kosalala, kofulumira, kobwera ndi kulira kwapansipansi kotseka m'makutu, ndipo galasi lakumbuyo limangochita mbuu.

Pali mtundu wina umene umasokoneza anthu: kunjenjemera kumakula, n'kuzilala, n'kukulanso pakapita masekondi angapo, liwiro lisanasinthe n'komwe. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti zinthu ziwiri zikunjenjemera pa liwiro loyandikana, monga matayala awiri a ngolo onse osabalansa, ndipo nthawi zina akugundira limodzi, nthawi zina akutsutsana. Mukakonza limodzi lokha vuto limachepa koma silitha.

Kuyesa kumene ndimakudalira kuposa konse ndi uku. Masulani ngolo, ikani m'bodi ya pikapu, kumbuyo kwenikweni, katundu wokwanira kuitsitsa mpaka pamene ngolo inaitsitsa, mum'mange bwino, ndipo mudutse msewu womwe uja pa liwiro lomwelo. Kunjenjemera kukabweranso, ngolo ilibe mlandu. Inangovumbula chimene chinabisala m'pikapu. Kukapanda kubwera, pitani mukagwade pa matayala a ngolo.

Matayala ndi mahabu a ngolo

Matayala a ngolo ndi amene amaiwalika kwambiri. Ambiri amaikidwa osabalansa, poganiza kuti m'ngolo simukwera munthu. Koma kugwedeza kwa tayala kumadutsa m'chitsulo cha ngolo, kulowa pa chokokera, mpaka pa mpando wanu, ndipo kumamveka kwambiri pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola. Kuwabalansa ndi ntchito yaing'ono, choncho yambani ndi yomweyo. Muyang'anenso ngati matope ouma sanamatirire m'kati mwa limu, kapena ngati katsulo kobalansira sikanagwe.

Ngolo zambiri zimakhala miyezi zili chiimire. Tayala likakhala nthawi yaitali litapanikizika malo amodzi limaphwatalala pamenepo. Zikakhala zochepa, kunjanja kumamveka mukangonyamuka ndipo kumatha tayala likatentha pakapita makilomita angapo. Kukapanda kutha, kwezani ngolo ndi jeke, muikepo zochirikiza zolimba, ndipo muzungulitse tayala ndi dzanja. Ikani njerwa kapena chitini pafupi kwambiri ndi mapazi a tayala kuti diso likhale ndi poyerekezera. Tayala labwino limadutsa mpata wofanana kuzungulira konse. Loonongeka limayandikira n'kutalikira, kapena mizere yake imapindika ngati ikuthawira mbali imodzi pamalo ena. Yendetsani chikhatho pamwamba pake, mosamala chifukwa mawaya amatha kutuluka. Chotupa chilichonse chimatanthauza kuti malamba am'kati alekana ndi labala. Tayala lotere silibalansika, ndipo likalemedwa n'kutentha limaphulika. Lichotseni tsiku lomwelo.

Musanyengedwe ndi mapazi akuya. Tayala la ngolo limakalamba lisanathe. Pambali pake pali manambala anayi omalizira mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Lolembedwa 2319 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka 5 kapena 6 liyang'anitsitseni ngati lili ndi ming'alu m'mbali ndi pakati pa mizere. Onaninso kulemera ndi liwiro zimene linalembedwa kuti lingapirire, chifukwa matayala ambiri a ngolo olembedwa ST anapangidwira makilomita pafupifupi 105 pa ola basi pokhapokha atalembedwa zina. Mpweya muziyeza matayala ali ozizira, ndipo a kumbuyo kwa pikapu muwapope motsatira nambala ya katundu wodzaza, imene m'magalimoto ambiri imalembedwa pa kapepala komata pakhomo la dalaivala.

Tayala likadali m'mwamba, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Ma bearing ambiri a ngolo amafuna kampata kakang'ono kwambiri, kovuta n'kukamva komwe. Koma ngati likuchita gwedegwede, kapena likulira ngati muli mchenga polizungulitsa, tsegulani habu. Girisi wakuda wonunkha mopsa, kapena wotuwa chifukwa cholowa madzi, akuuzani nkhani yonse. Pobwezera musamange nati mopitirira poganiza kuti kulimba ndiko chitetezo, chifukwa bearing yofinyidwa imapsa msanga kuposa yomasuka pang'ono. Paulendo, mukayenda makilomita 15 kapena 20, imani muyandikize dzanja pa habu iliyonse. Kufunda n'kwachibadwa. Chimene mukufuna ndi habu imodzi yotentha kuposa zinzake, yoti dzanja silingakhalepo. Ingakhale bearing, ingakhalenso buleki imene ikugwira yokha.

Manati a matayala ndiwo chinthu chimene sindifuna kuti wina achidumphe. Kunjenjemera kumene kwayamba mwadzidzidzi n'kumakula mphindi iliyonse, muzikutenga ngati manati amasuka mpaka mutatsimikiza kuti si choncho. Mizere ya dzimbiri yotuluka pansi pa nati, kapena mabowo a limu amene atambasuka, ndi umboni woti tayala lakhala likusewera. Mukangoika tayala, mangitsaninso manati mutayenda makilomita 50 mpaka 80.

Musanatsitse jeke suzumirani pansi: tsamba la sipuling'i lothyoka, mabawuti a U omasuka, mabushi otha. Tayala limene ladyeka mbali imodzi pomwe linzake lili bwino limasonyeza ekiselo yopindika kapena yosuntha.

Pamene pikapu yakhala pansi kumbuyo

Apa ndi pamene pamabisala mavuto ambiri amene makaniko sawapeza, ndipo ndi pofunika kuchedwapo.

Tengani tepi muyeze kuchokera pansi kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, kutsogolo ndi kumbuyo, ngolo isanamangidwe. Mangani ngolo yodzaza n'kuyezanso. Kumbuyo kutsika, kutsogolo kukwera pang'ono, chifukwa mpira wa chokokera uli kumbuyo kwa ekiselo ndipo kulemera kwake kumatukula mphuno ya galimoto. Kutsogolo kukapepuka, matayala akumeneko sagwira msewu mokwanira, ndipo kampata kalikonse ka m'ma ball joint, m'ma tie rod kapena kusabalansa pang'ono kwa tayala, kumene kulemera kwa injini kumakubisa masiku onse, kumatulukira m'chiwongolero.

Kumbuyo nako kukusintha zina. Propshaft imachoka pa giyabokosi kupita ku difu itapendekera, ndipo kumapeto kwake kuli ma universal joint, amene amakaniko ena amangoti ma cross. Joint yotere ikamagwira ntchito itapindika siizungulira mofanana. Imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi. Opanga galimoto amakonza kuti kupindika kwa joint yakutsogolo ndi yakumbuyo kukhale kochepa ndiponso kofanana, kusiyana kosaposa digiri imodzi, kuti kufulumira kwa ina kufafanizidwe ndi inzake. Pikapu ikakhala pansi, difu imayandikira bodi ndipo kupendekera kuja kumasintha. Onjezanipo ichi: mukamanyamuka ndi katundu wolemera, mphamvu yopotoza matayala imapotozanso ekiselo yonse mobwerera, masipuling'i a masamba amapindika, ndipo mphuno ya difu imadzuka. Kufanana kuja kumatayika pa nthawi yeniyeni imene shafuti ikunyamula mphamvu yaikulu.

Zotsatira zake zimazindikirika mosavuta. Mukamanyamuka, makamaka pa chitunda, pikapu imanthunthumira pansi pa mpando pakati pa makilomita 10 ndi 30 pa ola, kenako imasalala liwiro likakwera. Mukanyamuka mofatsa zimachepa, mukaponda kwambiri zimakula. Mapikapu aatali okhala ndi shafuti ya zigawo ziwiri ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa pakati pake pali centre bearing yokhala m'labala, ndipo labalayo akafooka shafuti imamenya uku ndi uku ikalemedwa.

Pofufuza, imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerezani matayala kutsogolo ndi kumbuyo, kokani handibuleki, zimitsani injini, ikani giya pa nyutulo kuti shafuti imasuke, kenako lowani pansi. Gwirani shafuti mbali zonse za joint n'kuipotoza motsutsana. Pasakhale mpata ngakhale pang'ono. Yang'anani pa timakapu tinayi ta joint: fumbi lofiira ngati dzimbiri kuzungulira kakapu ndi chizindikiro choti girisi anatha kalekale ndipo tizitsulo tam'kati tikudyana. Joint ina siikhala ndi mpata koma imakhala itauma n'kulimba, ndipo imeneyo imadziwika pokhapokha shafuti ikamasulidwa n'kupindidwa ndi dzanja. Musanaimasule lembani chizindikiro ndi choko kapena penti pamene zigawo zikukumana, chifukwa shafuti yobwezedwa mosemphana imanjenjemera ngakhale zonse zili zatsopano. Kankhani shafuti m'mwamba pafupi ndi centre bearing muone ngati labala wang'ambika kapena wafwafwala. Onaninso labala wogwira giyabokosi ndi injini, ndi mabawuti a U omanga ekiselo ku masipuling'i.

Zonsezi zikakhala bwino, mankhwala oyamba ndi kuchepetsa kukhala pansi. Chotsani katundu wosafunika m'bodi, sunthani wa m'ngolo kuti khosi lisalemere mopitirira, koma osalipeputsa mpaka ngolo kuyamba kudzandira. Kuti mudziwe kulemera kwenikweni pitani pa sikelo ya magalimoto. Ikani pikapu yokha pa sikelo ngolo ili yomangidwa koma matayala ake ali kunja, kenako muyezenso mutaimasula. Kusiyana kwake ndiko kulemera kumene khosi likupanikiza. Masipuling'i otopa asinthidwe. Masipuling'i othandizira kapena matumba a mpweya amabwezeretsa msinkhu, ndipo nthawi zambiri kunjenjemera kumathera pomwepo, koma sawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa kulemera kumene galimotoyo inaloledwa kunyamula. Ekiselo, mabuleki ndi matayala ndi zomwe zija. Chokokera chogawa kulemera, chokhala ndi mipiringidzo iwiri, chimabwezera kulemera kutsogolo, koma si pikapu iliyonse kapena ngolo iliyonse imene imachilola, choncho werengani buku kaye. Kuika tizitsulo pansi pa centre bearing kapena pakati pa ekiselo ndi sipuling'i kumagwira ntchito, koma achite ndi munthu amene wayeza kupendekera ndi chipangizo, galimoto itanyamula katundu wake. Zongoganizira zimachotsa kunjenjemera pokoka n'kukubweretsa galimoto ikamayenda yopanda kanthu.

Giyabokosi ndi injini

Ngati kutsitsa giya kunathetsa vuto, nkhani ndi yaifupi. Pa giyabokosi ya manja, mwina mukungoyendera giya yapamwamba injini ikuzungulira pang'ono, ndipo ikukanika kukoka. Dizilo imakhululuka zambiri, koma ikamagunda pansi pa mapazi pokwera mtunda ikupempha giya yotsika. Kunthunthumira pongotula kilatchi kumachokera ku kilatchi yopsa, yodontheredwa oyilo, kapena flywheel yotha.

Pa otomatiki, kunjenjemera kobwera kwa masekondi ochepa mukaponda mafuta mopepuka pakati pa makilomita 50 ndi 80 pa ola, komveka ngati mwaponda timizere tochenjeza ta pamsewu, nthawi zambiri ndi torque converter, imene imagwira ntchito ya kilatchi, ikulephera kugwira bwino. Kukoka kumatenthetsa oyilo wa giyabokosi, ndipo oyilo wotopa ndiye amayambitsa zimenezi. Onani ngati wada kapena akununkha mopsa, musinthe ndi mtundu umene wopanga analemba, ndipo ngati pali batani la Tow/Haul muziligwiritsa ntchito. Injini imene ikuphonya chifukwa cha pulagi, koyilo kapena injekita imathanso kubisala mpaka italemedwa. Nyali ya injini ikamaphethira pokwera mtunda, chepetsani mafuta ndipo mukaiyezetse pa kompyuta musanakokenso.

Mabuleki ndi pomangira

Kunjenjemera kobwera poponda buleki pokha n'kwa mabuleki. Chopondera chikamakankha phazi mobwerezabwereza kapena chiwongolero chikamagwedezeka, madisiki a pikapu sakufanana makulidwe, ndipo kutsika mitunda italiitali phazi lili pa buleki ndi kumene kumawaononga. Tsikani ndi giya yotsika. Ngati chopondera chili phee koma mukumva kukokedwa ndi kusiyidwa kuchokera kumbuyo, yang'anani madiramu a ngolo kapena chepetsani mphamvu pa kabokosi kolamula mabuleki amagetsi. Mphamvu imene ikuyenera ngolo yodzaza imakhala yochuluka kwa ngolo yopepuka, ndipo tayala limene lakhukhuluzika pamsewu kamodzi limatsala ndi malo ophwatalala osatha. Ngolo zimene mabuleki ake amagwira zikakankha pikapu zili ndi ka damper, konga ka shock absorber kakang'ono, m'khosi. Kakatha, ngolo imagunda kutsogolo, mabuleki n'kugwira, n'kusiya, n'kugundanso.

Pa mpira penipeni, onani manambala. Mpira wa mamilimita 50 ndi wa mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8, amaoneka ofanana ndi maso koma si amodzi, ndipo palinso wa mainchesi 1 7/8 ndi wa 2 5/16. Nambala imadindidwa pamwamba pa mpira ndi pa chogwirira cha ngolo, ndipo ziyenera kugwirizana. Mpira wochepa kapena wotha umagogoda ponyamuka ndi poima, ndipo ukhoza kusiya ngolo pa bampu. Gwedezani chitsulo cha mpira m'bowo lake, onani nati ya pansi pa mpira ndi mabawuti omanga chokokera ku chasisi.

Kenako imani patali muyang'ane ngolo cham'mbali. Iyenera kukhala yofanana ndi msewu, kapena kuweramira kutsogolo pang'ono chabe. Pa ngolo ya maekiselo awiri izi n'zofunika kwambiri, chifukwa khosi likakwera ekiselo yakumbuyo imanyamula zambiri, likatsika yakutsogolo ndiyo imalemedwa, ndipo matayala opepukawo amadumphadumpha. Chitsulo cha mpira chokwera kapena chotsika moyenera chimathetsa zimenezi.

Katundu weniweniyo musamuiwale. Galimoto kapena makina amene anyamulidwa pa ngolo amanjanja pa masipuling'i akeake ngati sanamangidwe bwino. Thanki ya malita 1,000 yodzaza theka ili ndi makilogalamu 500 a madzi amene akuthamangira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kukankha kwake mumakumva pamsana nthawi iliyonse mwasintha liwiro. Ndi bwino kuinyamula yodzaza, ngati kulemera kukulola, kapena yopanda kanthu. Ngati kukankhakankha kumabwera pa msewu umodzi wokha, makamaka wa konkire wokhala ndi mizere yolumikiza, n'kutha mukangolowa pa phula losalala, ndi msewuwo ukugwirizana ndi kutalika kwa pikapu ndi ngolo yanu. Kusintha liwiro ndi makilomita 5 kapena 10 pa ola kumachepetsa, ndipo ma shock absorber otha amakukulitsa.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi n'kubwerera pa msewu womwe uja ndi katundu yemweyo, musanakhudze china. Mukabalansa matayala, kusintha joint ndi kusuntha katundu tsiku limodzi, simudziwa chimene chinali vuto, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi. Ngati mwafika poti pakufunika makaniko, pitani ndi ngolo yodzaza monga imakhalira paulendo, mum'patse pepala lija lolembedwa liwiro, giya ndi miyeso ya tepi, ndipo akwere nanu mpaka akumve yekha kunjenjemerako.